Mkuyu, kachere kapena timikuyu ta m'mbali mwa mtsinje: tibzale uti, nanga pati?

Mwambi uja wakuti chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere ndimaukonda, koma nthawi zonse ndimafuna nditauwongolako pang'ono, chifukwa tizilombo tambiri timene mumatipeza mukang'amba nkhuyu si nyerere ayi, ndi timavu. Nyerere zimangobwera pambuyo kudzasaka timavu tomweto. Ndipo pakadapanda timavu timeneti bwenzi kulibe mkuyu olo umodzi womera wokha m'tchire. Ndayambira pamenepa dala, popeza munthu akamafunsa kuti pa mitengo ya mtundu wa mkuyu ndibzale uti amakhala akuganiza za mthunzi ndi zipatso basi, pomwe zogamula nkhaniyi ndi zina: madzi ali pati, mizu idzalowera kuti, komanso ngati timavu ta mtengowo tilipo m'deralo.

Mitengo yonseyi akatswiri a zomera amaiika m'gulu limodzi lotchedwa Ficus, lomwe lili ndi mitundu pafupifupi 850 padziko lonse, ndipo mu Africa muno muli yoposa 100. Ina ndi zimitengo zoti anthu asanu sangazikumbatire, ina ndi zitsamba zofika m'chiuno, ina imayanga. Kuizindikira sikuvuta: thyolani tsamba muone madzi oyera ngati mkaka, yang'anani kunsonga kwa kanthambi muone kachipewa kosongoka kophimba tsamba latsopano, kamene kakagwa kamasiya chipsera chozungulira kanthambiko. Ndiye pali nkhuyu imene. Simudzaonapo mkuyu utachita maluwa eti? Maluwawo alipo, mazanamazana, kungoti ali m'kati. Nkhuyu ndi kathumba kotsekeka kokhala ndi kabowo kamodzi kunsonga, ndipo kabowoko ndi kothina moti amalowapo ndi kamavu kakakazi kotalika mamilimita awiri kapena kuchepera apo, nako polowa mapiko amathothoka. Kakalowa kamamwaza mungu umene kabwera nawo kuchokera ku mtengo wina, kamaikira mazira m'maluwa ena, kenako kamafera momwemo. Maluwa amene mwaikiridwa mazira amalera ana a mavu, otsalawo amabala njere. Pakapita masabata angapo timavu tatimuna, tomwe tilibe mapiko n'komwe, timayamba kutuluka, kukwera tatikazi, kuboola khoma la nkhuyu, basi ntchito yawo yathera pomwepo. Tatikazi timatola mungu n'kuuluka, ndipo moyo wake kunja kuno ndi wa tsiku limodzi kapena awiri. Nkhuyu ija imafewa n'kupsa timavu titachoka kale.

Chofunika kugwira apa n'chakuti pafupifupi mtundu uliwonse wa Ficus uli ndi kamavu kakekake, ndipo m'nkhuyu imodzi maluwa aakazi amakhwima kale aamuna asanakhwime, kotero timavu tikamatuluka timayenera kupeza mtengo wina wa mtundu womwewo umene nkhuyu zake zili zanthete pa tsiku limenelo. N'chifukwa chake mikuyu ya dera limodzi siibereka nthawi imodzi, uwu lero, uwo mwezi wamawa, winawo m'chilimwe chenicheni mitengo ina yonse ilibe kanthu, ndipo ndi chimenechi chimene chimaipangitsa kukhala nkhokwe ya nyama. Akatswiri atawerengera adapeza mitundu ya mbalame ndi nyama yoposa 1,200 imene imadya nkhuyu.

Tiyambe ndi mkuyu weniweniwo, Ficus sycomorus. Uwu ndi uja wa khungwa lachikasu lotuwirako, thunthu lonenepa lokhala ndi mapiko m'munsi, masamba obulungira okhakhala pang'ono, nkhuyu zikuluzikulu zobala m'magulu pa tinthambi totuluka m'nthambi zazikulu. Umatha kupitirira mamita 20 ndipo nthambi zake zimatambalala kwambiri. Ukapsa pansi pake pamakhala msonkhano, masana anyani, apusi ndi mbalame, usiku mileme, nguluwe ndi mbawala zikutola zakugwa. Kunena za zipatso ndi nyama palibe woupambana. Koma ndi mtengo wa madzi. M'chilengedwe mumaupeza m'mbali mwa mitsinje, m'zigwa, ndi malo amene madzi apansi ali pafupi, ndipo ukaoneka pamalo ooneka ouma dziwani kuti mizu yake yapeza madzi penapake. Chisanu choopsa chija chowauka masamba sugwirizana nacho, makamaka udakali waung'ono. Ndiye amene ali ndi malo a kumtunda kouma, dothi losaya, asadzivute, udzangokhala wopinimbira zaka ndi zaka.

Nkhani ya kamavu kake, Ceratosolen arabicus, ndi yodabwitsa. Kamauluka usiku n'kumatengedwa ndi mphepo, ndipo kafukufuku amene adasindikizidwa mu 2009, wochitikira pa mikuyu ya m'mbali mwa mtsinje wa Ugab m'chipululu cha ku Namibia, adapeza kuti mungu udafika pa mtunda wa makilomita 160. Kanthu kosakwana mamilimita awiri! Tanthauzo lake kwa wobzala n'lakuti mkuyu wanu olo uoneke uli wokhawokha, bola muli m'dera limene mtunduwu umamera mwachilengedwe, timavu tidzaupeza. Kunja kwa dera lake ndi nkhani ina. Ku Egypt mtengowu akhala akuubzala kuyambira nthawi ya Afarao, matabwa ake ankapangira mabokosi a maliro, koma kamavu kake kulibe, ndiye njere sizikhwima, amangobzala nthambi, ndipo alimi akumeneko ankacheka nkhuyu iliyonse ndi kampeni kuti ipse msanga. Mneneri Amosi ankagwira ntchito ya mikuyu yomweyi, ndipo ndi mtengo womwewu umene Zakeyu adakwera ku Yeriko. Palinso kamavu kena, Ceratosolen galili, kamene kamalowa m'nkhuyu zomwezi n'kuikira mazira koma mungu osabweretsa, kudya zaulere basi.

Mnzake wapafupi ndi Ficus sur, amene mabuku akale amamulemba kuti Ficus capensis. Anthu ambiri amangouti mkuyu nawonso, ndipo sakulakwa kwenikweni chifukwa ndi pachibale. Kusiyana kwake: m'mbali mwa masamba muli mano otalikiranatalikirana, masamba anthete amatuluka ofiirira, khungwa ndi lotuwa osati lachikasu, ndipo nkhuyu zimalendewera m'zimphonje zazikulu zopanda masamba kuchokera pa thunthu penipeni, pena mpaka m'munsi pafupi ndi mizu. Uwu umakonda malo amvula yambiri, m'mphepete mwa nkhalango, m'makwawa ndi m'timitsinje ta m'mapiri. Umakula msanga. Ndikati ndiyerekeze awiriwa, kuchigwa kotentha m'mbali mwa mtsinje waukulu tengani sycomorus, kumtunda kozizirirako kokhala ndi chinyontho tengani sur. Onse awiri mizu yawo ndi yolusa ndipo onse amagwetsa nkhuyu zambiri zimene zimawola n'kuitana ntchentche, ndiye si mitengo ya pamalo oimikapo galimoto kapena oyanikapo zovala, mileme ikadya imasiya zizindikiro zake paliponse.

Tsopano kachere, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa ndi amene ndimalangiza anthu ambiri. Dzinali limaphimba mitundu ingapo yofanana kwambiri, Ficus thonningii, Ficus burkei, Ficus natalensis ndi abale awo, moti akatswiri enieniwo akhala akuiphatikiza n'kuigawanso. Masamba ndi ang'onoang'ono, osalala, obiriwira kwambiri, mthunzi wake ndi wothithikana ndipo nthawi yambiri ya chaka umakhalapo. Nkhuyu zake ndi tating'ono, sentimita imodzi kapena kuposerapo pang'ono, timamera m'khwapa mwa masamba, anthu satilabadira koma kwa mbalame zing'onozing'ono ndi sayizi yabwino yomeza kamodzi. Chizindikiro chake china ndi mizu yolendewera kuchokera m'nthambi ngati ndevu, imene ikafika pansi imanenepa n'kusanduka mizati.

Kachere ali ndi mbiri yoipa yopha mitengo inzake, ndipo mbiriyo si yabodza koma anthu amaimva mokhota. Mbalame imasiya njere pa mphanda ya mtengo wina, kambewuko kamamera m'mwambamo kakudya tizinyalala tosonkhana pamenepo, kenako kamatsitsa mizu motsatira thunthu mpaka pansi, mizuyo n'kumalumikizana yokhayokha mpaka kupanga ukonde. Sayamwa madzi a mtengo winawo ayi, chimene amachita ndi kuufinya kuti usanenepenso, kuulanda dzuwa pamwamba ndi kuulanda madzi pansi, pakatha zaka zambiri uja wa m'kati amafa n'kuwola, kutsala kachere wa mphako. Koma mukabzala nokha nthambi m'dothi amangokula ngati mtengo wina uliwonse, palibe amene amupotokole.

Chimene ndimamukondera ndi kupirira. Safuna mtsinje ngati sycomorus, chilala amalimbana nacho, mukamudulira amaphukanso, ndipo masamba ake ziweto zimadya bwinobwino, moti ku Tigray kumpoto kwa Ethiopia alimi amabzala Ficus thonningii dala kuti azidyetsa ng'ombe ndi mbuzi m'chilimwe udzu ukatha. Khungwa nalonso ndi chuma: nsalu ya chiwondo ya Abaganda ku Uganda imachokera ku Ficus natalensis, imene iwo amaitcha mutuba, amasenda khungwa, kukulunga thunthu ndi masamba a nthochi, khungwa lina n'kumeranso, ndipo mtengo umodzi umasendedwa chaka ndi chaka kwa zaka zambiri. Bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe, UNESCO, lidazindikira luso limeneli mu 2005. Mtengo woti mumausenda osafa, ndi ingati yotero?

Vuto lake ndi mizu, ndipo pamenepa ndidaphunzira ndi thumba langa. Ndidazika nthambi ya kachere mamita ochepa kuchokera pa thanki ya zonyansa, ndikuti ikadzakula ndidzaona chochita, zaka zingapo madzi adayamba kubwerera m'bafa, pofukula tidapeza paipi yadzaza ndi mizu yopyapyala yolukana ngati tsitsi, idalowera pa kamng'alu ka pa joini. Mtengo ndidadula, koma chitsa chidaphukanso kawiri. Ndiye lamulo langa pa mitengo itatu ikuluikuluyi ndi mamita 20 kuchokera pa nyumba, mpanda wa njerwa, chitsime kapena mapaipi, ndipo kwa sycomorus ndimawonjezerapo. Ngati puloti yanu ndi yaing'ono moti mamita 20 sakupezeka, yankho ndi lakuti musabzale, olo mbande ikhale yokongola bwanji m'chubu.

Palinso mikuyu ya pamiyala, yomwe ndi gulu lina. Ficus abutilifolia ndi uja mumamuona atakakamira pa thanthwe, masamba akuluakulu ooneka ngati mtima, mizu yoyera ikuyenderera pamwala ngati phala lotayika, ikufunafuna ming'alu. Ficus ingens naye ndi wa m'miyala ndi m'zitunda, amayoyola masamba kanthawi kochepa kenako amatulutsa atsopano ofiira ngati moto, kwa sabata kapena awiri phiri lonse mumaona iye yekha. Pamalo amiyala pamene mitengo ina yakana, awa ndiye eni ake, ndipo madzi safuna ambiri. Koma pali chenjezo: masamba a Ficus ingens ndi a Ficus salicifolia adapezeka kuti amadwalitsa ng'ombe matenda a mitsempha ku South Africa, makamaka nthawi ya chilala pamene ziweto zimadya chilichonse chobiriwira. Ndiye musamve zoti kachere ndi chakudya cha ziweto n'kuganiza kuti Ficus aliyense ndi choncho. Komanso mtengo wozolowera kung'amba thanthwe faundeshoni ya nyumba ndi masewera kwa iwo. Salicifolia yemweyo ndi amene ali ku Pretoria, mtengo wotchuka wa Wonderboom wa zaka pafupifupi 1,000, umene nthambi zake zidagwa pansi n'kumera mizu, n'kubala mitengo ina mozungulira mayi wawo.

Zitsamba ndiye zimaiwalika, pomwe kwa munthu amene vuto lake ndi gombe la mtsinje lomwe likugumuka chaka chilichonse ndi zimene zingamuthandize msanga kuposa chimtengo. Ficus capreifolia ndi chitsamba cha nthambi zowonda zofewa, chimamera mothinana m'mchenga wa m'mbali mwa mitsinje, madzi osefukira akabwera chimagona n'kudzukanso, ndipo mchenga ndi matope zimatsakamira pamenepo. Masamba ake ndi okhakhala ngati sandipepala, anthu amasalazira nawo mitengo yosema. Mkuyu waukulu madzi akaukumba kunsi umagwa ndi gombe lomwe, pomwe ichi chimangopindika. Chili ndi kakhalidwe kenanso kosiyana ndi ina yonse ndatchulayi: pali chitsamba china cholera timavu ndi kutulutsa mungu, china chobala njere zokhazokha. Ndiye mukatenga nthambi zonse pa chitsamba chimodzi mudzakhala ndi mbali imodzi yokha, gombe lidzagwira inde koma njere sizidzakhalapo, tengani m'malo angapo. Pa madambo ndi m'zithaphwi pali Ficus verruculosa, kachitsamba kokonda kuviika mapazi m'madzi, ka nkhuyu zing'onozing'ono zofiira. Aka sikothandiza pa mthunzi, koma pamalo onyowa chaka chonse pamene kachere sangasangalale, kamakhala.

Wina afunsa za Ficus benjamina ndi Ficus elastica zodzaza m'manazale zija. Zimenezo kwawo ndi ku Asia. Mizu yake ndi yowononga chimodzimodzi, ndipo popanda timavu take nkhuyu zake zimakhala zopanda njere, ndiye mwatenga vuto lonse la mkuyu n'kusiya phindu lake lalikulu. Ndipo timavu take tikafika zimasanduka vuto lina, ku Florida ndi ku Hawaii Ficus microcarpa idakhala phee kwa zaka zambiri, kamavu kake katangofika idayamba kumera yokha m'makoma, m'milatho ndi pa mitengo ya eni dziko. Mu mphika pakhonde zilibe mlandu. M'dothi ine ayi.

Mukasankha mtundu patsala kusankha kabzalidwe, nthambi kapena njere, ndipo apa anthu amakangana. Nthambi ndi yachangu. Kwa kachere mumadula yonenepa ngati mkono, yotalika mamita awiri kapena kucheperako, kuchotsa masamba, kuisiya pamthunzi masiku angapo kuti mkaka uja uume pa bala, kenako kuizika gawo limodzi mwa magawo atatu m'dzenje lothira mchenga pansi kuti isawole, chakumapeto kwa chilimwe mvula ili pafupi. Mbuzi sizifikira kunsonga, moto wa tchire waung'ono siipha msanga, ndipo mumakhala mwadumpha zaka zingapo za ukhanda. Sycomorus ndi sur nazonso zimagwira ndi nthambi ngakhale sizifika pa kachere, pomwe za pamiyala zija zimavutirapo, bola njere. Kuipa kwa nthambi n'kwakuti mtengo watsopanowo ndi yemweyo mayi wake, magazi amodzi, ndiye mukadzaza malo onse ndi nthambi za mtengo umodzi, matenda kapena chilala chimene chingagonjetse umodzi chagonjetsa yonse. Ndaonanso kuti mizu ya mtengo wa nthambi imakonda kuyenda m'mwamba, chimphepo chikabwera zaka zoyambirira ndi umene umayamba kupendekeka.

Njere ndi zochedwa komanso zofuna chisamaliro, koma pobwezeretsa nkhalango ya m'mbali mwa mtsinje ndi zimene ndingasankhe. Tolani nkhuyu zakupsa pa mitengo ingapo yotalikirana, zing'ambeni, ziumitseni pang'ono, fikisani kuti tinjere tituluke. Tinjereto ndi tating'ono ngati mchenga ndipo timafuna kuwala kuti timere, cholakwa chachikulu ndi kutikwirira, ingomwazani pamwamba pa mchenga wosakaniza ndi manyowa owola bwino, kuthirira mofatsa, pamthunzi wowala. Timbande tikadali tating'ono timafa ndi nkhungu mukachulutsa madzi. Ndipo musadabwe kupeza kuti gawo lalikulu la zimene mumayesa njere ndi makoko opanda kanthu okhala ndi kabowo, amenewo ndi manyumba amene mudatuluka timavu.

Pali njira yachitatu imene siilembedwa kawirikawiri, kutola mbande zimene mbalame zabzala kale molakwika. Yang'anani m'ngalande za padenga, m'ming'alu ya makoma, pa mphanda za mitengo ndi m'makhwapa a migwalangwa, mupeza tikachere tamera. Pakhomapo kamayenera kuchoka ndithu, ndipo kachoke kadakali kosapitirira chikhatho chifukwa kakalowetsa muzu m'kati mwa njerwa mudzakhala mukudula chaka chilichonse iko kakuphukanso. Nyowetsani malowo, kokani pang'onopang'ono ndi mizu yake yonse mmene mungathere, ikani m'chubu pamthunzi miyezi ingapo. Mbande yotere mwaipeza ulere, ndi ya mtundu umene timavu take tili kale m'dera lanu, ndipo yaonetsa kale kuti imapirira pouma. Ingodikirani itulutse masamba asanu kapena asanu ndi limodzi okhwima kuti muone ngati ndi kachere kapena ndi imodzi mwa zachilendo zija musanaipatse dzenje.